Mpopi wa Zelipa

Magetsi abwera teni koloko usiku,
ndiye Kalingalinga yense wadzuka ngati kwacha.
Mayi wa khomo lachitatu wayamba kusita,
Yotamu wayatsa makina ake owotcherera mageti,
ine ndatsegula laputopu yanga yosweka pakona,
ndalemba liwu limodzi, make,
n'kupinda manja.

Mtengo ndikumangawu ulibe masamba.
Uli ndi mafoda mazana anayi ndi khumi ndi awiri:
ina ya mtima wa makina, ina ya kiyibodi,
ina ya kapulogalamu kongotchula nthawi basi.
Kale foda iliyonse inali ndi malamulo akeake,
okopera kwa mnansi,
mnansiyo nayenso anachita kukopera kwa wina,
moti cholakwa chimodzi cha dzana
chinali ndi zidzukulu m'makomo onse.
Ndinkazisaka, maso ali psuu,
ndikapha zisanu, mawa zatulukira kwina.

Zelipa ndiye anandiseka
tikukukuta chimanga chootcha podikira minibasi ya m'tauni.
Anati, iwe, m'komboni muno
nyumba iliyonse inakumba chitsime chake?
Si mpopi umodzi uja, kuseri kwa shopu ya a Sakala?

Zinamutengera masabata awiri.
Anatolera malamulo onse,
kompaila iti, ichenjeze pa chiyani,
zomangidwa zikagone kuti,
n'kuwaika m'fayilo imodzi pamwamba pa mtengo.
Foda iliyonse anaisiyira mizere itatu:
dzina lake, katundu wake,
ndi liwu loti include,
lomwe kwathu kuno tingati, pita ukatunge uko.

Ndowa mazana anayi pa mzere, usiku uliwonse,
popanda yokangana ndi inzake.

Zelipa anapita ku Kitwe mu Epulo,
ntchito ya ku banki, nyumba ya madzi m'kati.
Fayilo yake sindinaikhudze miyezi isanu.
Lero ndaikhudza.
Ndawonjezera kamzere kamodzi, kakang'ono ngati utitiri,
ndipo pamene pamafunika tabu
chala changa chaikapo mipata inayi.
Diso silingasiyanitse. Ponse n'poyera.

Mtima wa makina wakana.
Ndayesa kiyibodi, yakana.
Ngakhale kotchula nthawi kaja, kosalakwa kanthu,
kandiyankha chimodzimodzi:
mzere wa makumi asanu ndi atatu.
Ndakumbuka chaka cha kolera,
pamene anamanga tcheni pa mpopi wathu
ndipo amene anadwala ndi amene sanadwale
tonse tinagona ndi ludzu lofanana.

Panja moto wa Yotamu ukung'anima pa khoma,
buluu, mdima, buluu.
Ndatsika mzere ndi mzere m'fayilomo,
ndipo pamwamba penipeni pa cholakwa changa
ndapeza mawu amene makina sawerenga,
olembera munthu yekha:
Ukafuna kusintha pano, yamba wagona.
Ukakhudza pano wakhudza onse. Z.

Ndaseka ndekha, mpaka galu wa a landilodi wauwa.

Ndafufuta mipata inayi. Ndadina tabu kamodzi.
Zilembo zayamba kutsika pa sikirini
ngati madzi akabwerera m'paipi, poyamba kutsokomola,
kenako kuyenda.
Foda ikulowa, kutunga, kutuluka,
inzake ikulowa.
Sindinalembepo malamulo ambiri mwa amenewa.
Ndikungowamwa.

Folo koloko magetsi apita osatsanzika.
Batire langa ndi la mphindi zisanu ndi ziwiri,
ndipo tafika pa foda ya mazana atatu ndi chakuti.
Palibe kanthu.
Make amayang'ana nthawi ya fayilo iliyonse,
zimene wamanga kale sabwereza,
mawa adzayambira pamene waimira.

Ndamulembera Zelipa pa foni: ndinasintha ndisanagone.
Sanayankhe, ali m'tulo ku Kitwe.
Kuseri kwa shopu ya a Sakala
ndikumva chigubu choyamba chikugunda pa simenti,
wina akusunga malo pa mzere
madzi asanabwere.